Mphika Wachisanu

"Ndanena kale, amake Lina. Mwanayu sakagona kunyumba imene ija. Achirira pano, pamene munachirira inu ndi amayi anu."

A Gaspar analankhula izi maso ali pa chubu cha njinga chimene ankamata. Ester anali atakhala nawo pabanja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankadziwa kuti bambowa akayamba kulankhula ndi chubu m'malo molankhula ndi munthu, ndiye kuti nkhani yawalasa pamtima. Koma tsiku limenelo analibe nawo chifundo. Anaika pansi lichero la nyemba zimene ankapeta n'kuwakumbutsa kachitatu zimene ananena a enfermera, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumsewu wa ku Mualadzi: kuti mwana wawo Lina walowa mwezi wachisanu ndi chinayi, mimba ndi yoyamba, mapazi akutupa, choncho abwere msanga adzadikire tsiku lake ali pafupi.

Nyumba imene ankakanganirayo anthu ankaitcha kaza de espera. Inamangidwa zaka ziwiri zapitazo pambali pa chipatalacho, kuti amayi oyembekezera azikagonamo masiku awo akayandikira. Inali ya malata, yopaka laimu, ya mabedi asanu ndi atatu. Amene ankaiyamikira kwambiri ndi mbuzi, zimene zinkausa mvula pakhonde pake, poti amayi sankapitako.

"Mukufuna anthu anene chiyani?" anapitiriza a Gaspar. "Mwamuna wake Welcome ali ku Cassacatiza akukweza katundu m'malole, kuno amangobwera mwa apo ndi apo. Ndiye mkazi anyamuke matenda asanayambe, akabisale kuchipatala? Mawa lomwe mudzi wonse udzati wathawa chikuta, pali chimene akuopa kuulula. Manyazi aja sanakwane?"

"Ine sindinakwirire manyazi, bambo. Ndinakwirira mwana."

Pamudzi umenewo panali mwambo wakuti mwana akachedwa kubadwa, amayi aakulu ankati wodwalayo anayendapo njira zokhota. Ankamutsekera m'chikuta, nyumba yochiriramo, n'kumamuumiriza kuti atchule mayina a amuna, ati kuti njira itseguke. Carolina, mwana woyamba wa Ester, anakhala m'menemo masiku awiri zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Tsiku lachitatu anamunyamula pamachira kupita naye kuchipatala, koma anamwalirira panjira, ndi khanda lomwe. Chimene chinafika m'makutu mwa a Gaspar n'chakuti mwana wawo anavomera amuna anayi. Kuchokera pamenepo analetsa dzina lake pakhomopo, ndipo anauza anthu kuti asiye kuwaitana bambo a Carolina, aziti bambo a Lina.

A Gaspar anapopa chubu chija, n'kuchiviika m'beseni kuti aone ngati chikutuluka mpweya. Kenaka anawonjezera kuti amva zoti mtsikana wa kaderno uja waitana amayi Lachinayi, ndipo sakufuna kumva kuti mkazi wawo wakayalula za pakhomo pawo kwa mlendo. Ester anatola lichero lake n'kupitiriza kupeta mwaukali, mpaka nyemba zina zinagwera pansi.

Mtsikana wa kadernoyo, kabuku kamene ankalembamo, dzina lake anali Sónia. Anachokera ku Tete, atatumidwa ndi bungwe limene linkafuna kudziwa chifukwa chimene kaza de espera inalibe anthu. Sanali woyamba kubwera ndi funso limeneli. Ena anabwerapo kawiri, anyamata a zipewa ndi atsikana ongomaliza sukulu, atanyamula mapepala a mafunso makumi asanu ndi limodzi. Ankafunsa ali chiimire, n'kumachonga m'timabokosi. Amayi onse ankawayankha mwaulemu kuti kuchipatala n'kutali, chifukwa limeneli ndi yankho limene limachotsa mlendo pakhomo msanga, iwe n'kubwerera kuntchito zako.

Sónia anachita zosiyana. Anapempha malo kwa mkazi wa katekisita, ndipo sabata yoyamba sanafunse munthu kanthu. Inali nyengo yokolola, choncho ankangoyenda m'makomo kuthandiza kutong'ola chimanga. Ankatong'ola ngati munthu woopa kuti chimupweteka, ndipo amayi ankamuseka pamaso pomwe, iye n'kumaseka nawo. Chinyanja ankachilankhula bwino, poti anabadwira ku Angónia.

Sabata yachiwiri, atatuluka m'tchalitchi, anapempha anthu kuti ajambule mudzi wawo pansi, pabwalo. Panalibe pepala kapena cholembera. Phulusa linali njira, zitsononkho zinali nyumba. Abambo ndi amene anayamba, monga mwa masiku onse, ndipo anajambula msewu, chigayo, tchalitchi ndi bwalo la mpira, n'kunena kuti mudzi watha. Amayi atapatsidwa mpata anawonjezera zitsime, tinjira ta kunkhuni ndi nyumba zisanu ndi zinayi zimene abambo anaziiwala. Pomaliza Sónia anapempha motsitsa mawu kuti aike mwala pakhomo lililonse pamene mayi anamwalira pobereka m'zaka khumi zapitazi. Miyala inakwana khumi ndi umodzi. Wa Carolina anauika Ester ndi dzanja lake, a Gaspar atayang'ana kumbali.

Sónia anagwada n'kuyang'ana miyala ija nthawi yaitali. Kenaka ananena poyera, osachita manyazi, kuti mapu a anthuwa akutsutsana ndi mapepala ake. Mapepala ankati vuto ndi mtunda, koma miyala isanu ndi iwiri inali pa makomo a m'mbali mwa msewu, pamene njinga imafika kuchipatala dzuwa lisanakwere. Anafunsa ngati pali amene angamuthandize kumvetsa. Amayi anayamba kukonza mipango yawo kumutu, abambo anakumbukira kuti ali ndi ng'ombe zoti akamwetse. Ester anadabwa kuona kuti mtsikanayo sanakakamize. Anangothokoza, n'kupempha kuti Lachinayi akumane ndi amayi okhaokha.

Lachinayi masana Ester anauza a Gaspar kuti akupita kukathyola ndiwo, ndipo anatengadi dengu. Msonkhano unali m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa tchalitchi. Munali amayi makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Sónia anali atandandalika miphika inayi kuseri kwa mphasa yoimika. Pa mphika uliwonse anaikapo chizindikiro: nkhwaira yotha inkaimira mtunda, chikuni chinkaimira kusowa nkhuni ndi chakudya kuchipatalako, chipewa chinkaimira kukaniza kwa mwamuna, ndipo khasu linkaimira ntchito za kumunda. Anafotokoza kuti mayi aliyense alandira nyemba imodzi, alowa yekha kuseri, n'kuiponya mumphika wa chifukwa chachikulu chimene amayi sapitira kukadikira kuchipatala. Palibe adzadziwe kuti uje waponya muti.

Amayi anavomera ndi mitu, ndipo Ester anaona kale mmene zithere: nyemba zonse zipita pa nkhwaira, mlendo abwerera kwawo atakhutira, Lina achirira m'chikuta. Mtima unamuwawa.

Amene anatsegula pakamwa ndi Joaquina, mayi wamasiye amene anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ndipo sankadziwa kutafuna mawu.

"Mana Sónia, musandiyese wamwano. Kodi inu munaberekapo?"

"Ayi, mayi. Ndilibe mwana."

"Ndiye vuto lili pomwepo. Za kuchikuta sitiuza mwamuna, sitiuzanso mkazi amene sanalowemo. Olo mutakhala pano chaka, mudzamva za nkhwaira zomwezi. Anzanu aja tinkawauza zomwezo. Sikuti tinkanama, kutaliko n'kutalidi, koma chifukwa chenicheni palibe mphika wake apa."

Ester ankayembekeza kuti mtsikanayo akwiya, poti anthu ophunzira sakonda kuuzidwa kuti pali zimene sangamve. Kapena ayamba kunyengerera, kunena kuti iye anawerenga zonsezi m'mabuku ndipo palibe chachilendo. Koma Sónia anagwira pakamwa, n'kuseka pang'ono modzimvera chisoni.

"Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikutumiza anthu oti sangayankhidwe," anatero. "Zikomo, mayi Joaquina, mwandiphunzitsa chimene sindinaphunzire kusukulu. Pesikiza imeneyi, kafukufukuyu, ndi wanu tsopano. Ine ndituluka. Wonjezerani mphika umene ukusowawo, muponye, muwerenge nokha. Chimene mufune kundiuza ndilemba. Chimene simufuna chitsale muno."

Anatseka kaderno wake n'kumuika m'thumba. Anafunsa kuti ndani angagwire nyemba, ndipo amayi analoza Ester, poti ankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Sónia anamupatsa kathumba ka nyembako ndi manja awiri, n'kupita kukakhala patali pansi pa mtengo wa mango, atafulatira chigafa. Kunena zoona, si ambiri amene amayenda ulendo wochokera ku Tete n'kuvomera kukakhala kunja kwa msonkhano umene aitanitsa okha.

Ester anatuma mkazi wa katekisita kukatenga mphika wina. Pakona pa chigafa panali mphasa yakutha, ndipo anathyolako kachidutswa n'kukaika pa mphika wachisanuwo. Sanafunikire kufotokoza. Ntchembere iliyonse imadziwa kuti m'chikuta amayala mphasa yakutha, ndipo ndi pamphasa imeneyo pamene munthu amafunsidwa mayina.

"Ester, ukuvula amayi ako pamsika."

Amene ananena izi ndi a Celeste, mkulu wake wa Ester wa bere limodzi. Anali namkungwi ndi mzamba wa mudziwo, ndipo theka la amayi amene anali m'chigafamo anachirira m'manja mwawo. Ndi iwonso amene anali m'chikuta cha Carolina. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, wosaphonya Misa. Kolona yawo ya mikanda ya buluu inaduka ulusi kalekale, koma sanaitaye, ankayenda nayo ataikulunga pamfundo ya kapulana, chitenje chawo.

"Pano si pamsika, achemwali," anayankha Ester. "Muno mulibe mwamuna, mulibe namwali. Tonse tinagonapo pamphasa imeneyi. Ndipo sititchula munthu, nyemba ilibe dzina."

A Celeste anati iwo ndi akulu, sangasewere masanje a nyemba, ndipo Ester atawatambasulira dzanja anapinda manja awo pachifuwa. Choncho nyemba zimene zinagawidwa zinali makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Joaquina anaona kuti nyemba ikagwa mumphika wopanda kanthu imalira, ndipo wakhutu lakuthwa angadziwe kuti yagwera mbali iti. Anathamangira kuchigayo n'kubwera ndi madeya, nathira mkati mwa mphika uliwonse. Zimenezi Sónia sanaziganizire, ndipo atazimva pambuyo pake anazilemba kuti akaphunzitse anzake.

Amayi analowa mmodzimmodzi. Ena ankatuluka msanga, ena ankachedwa kuseriko ngati pali munthu amene akukambirana naye. Onse atatha, a Celeste anadzuka n'kunena kuti akufuna akaone ngati m'miphikamo simunaikidwe zamatsenga. Analowa, anakhalako kanthawi, n'kutuluka nkhope ili gwa monga analowera.

Ester anakhuthula miphika palichero, umodziumodzi, amayi onse akuwerenga naye mokweza. Pa nkhwaira panali nyemba ziwiri. Pa chikuni zitatu, pa chipewa imodzi, pa khasu imodzi. Mumphika wachisanu munatuluka nyemba makumi awiri ndi imodzi. Akusefa madeya ndi zala kuti aone ngati yatsala ina, Ester anakhudza kanthu kolimba, kozizira. Anasuzumira n'kuona kuti ndi mkanda wa buluu. Anaufumbata msanga, osauza munthu.

Amayi ankangoyang'ana mulu wa nyemba uja, kenaka n'kuyang'anana mwakabisira. Woyamba kulankhula anali mayi wina wofatsa amene sankamveka mawu ngakhale kukwaya. Anati pa mwana wake wachiwiri anatchula msuweni wake, munthu amene sanamugwirepo ngakhale dzanja, chifukwa ululu unafika poti akanatchula aliyense kuti amusiye. Wina anati iye anatchula wogulitsa nsomba amene sankamudziwa n'komwe dzina lake lenileni. Wina anati anafuna kupita ku kaza de espera chaka chatha, katundu atamanga kale, koma apongozi ake anamufunsa kuti akuthawa chiyani, iye n'kumasula katunduyo. Nkhani zinatuluka ngati nyerere zofukulidwa ndi khasu. Chimene chinawaliza n'chakuti aliyense wakhala zaka zonsezi akuyesa kuti wonama m'chikuta anali iye yekha.

A Celeste anadzuka pakati pa nkhanizo n'kutuluka, osatsanzika.

Otsalawo anagwirizana kuti mankhwala ake ndi amodzi: mayi aliyense akalowa mwezi wachisanu ndi chinayi azipita kukadikira kuchipatala, wolemera ndi wosauka, wa kumsewu ndi wa kuphiri, kuti pasakhalenso wonenedwa kuti wathawa. Koma onse ankadziwa kuti popanda mawu a namkungwi, pangano limeneli litha ngati mame. Ataitana Sónia anamuuza manambala onse. Za mphika wachisanu anangomuuza kuti alembe kuti ndi manyazi opita msanga, ndipo zotsalazo adzauza a enfermera, amene ali ndi ana anayi, ngati Sónia angawabweretse kumudziko. Sónia analemba zomwezo, osawonjezera kanthu, n'kuwawerengera kuti amve ngati walemba bwino. Pepala lalikulu la manambala analisiya m'manja mwa Ester, ati eni ake ndi iwo.

Ester anafika kunyumba dengu lili lopanda ndiwo, ndipo mbiri inali itamutsogolera kale. A Gaspar sanakalipe. Anangomasula gudumu la kutsogolo la njinga n'kukalitsekera m'chipinda chawo. Anati amva kuti amayi apanga malamulo m'chigafa cha fodya, koma pakhomo pawo woyamba kuchita manyazi sakhala mwana wawo. Ena ayambe, iwo aona.

Panatha sabata. Kutupa kunakwera kuchoka kumapazi a Lina kufika m'manja, mpaka mphete ya ukwati inakana kuvuka. M'mawa wina anadzuka nkhope itafufuma, akudandaula mutu. Ester anamuuza kuti Loweruka anyamuka wapansi, pang'onopang'ono, bambo ake afune asafune. Koma Lina, amene anali mwana womvera kuyambira ali wamng'ono, anapukusa mutu.

"Amayi, a Welcome akadzamva kuti ndinathawa, adzaganiza chiyani? Abale awo adzandiyang'ana bwanji? Ine ndilibe chobisa. Ngati amayi aakulu sananene kuti ndipite, sindipita."

Ester anaona kuti wazunguliridwa. Mwamuna wakana, mwana wakana, ndipo onse awiri akuyang'ana pakhomo limodzi. Lachisanu masana anamanga mkanda uja pansonga ya mpango n'kupita kwa mkulu wake. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitadutsa awiriwa akupatsana moni wa panjira basi, ngati anthu ongodziwana kutchalitchi.

Anawapeza a Celeste akumata nkhokwe, manja ali matope okhaokha. Ester anakhala pansi, namasula mpango, n'kuika mkanda uja pamwala pafupi ndi mapazi awo.

"Munataya ichi m'chigafa, achemwali."

A Celeste anauyang'ana mkandawo, koma sanautole. Anafunsa ngati pali wina amene anauona, Ester n'kuyankha kuti palibe, ndipo sadzauza munthu. Kenaka anawauza za nkhope ya Lina, za mphete, za mutu. Anati sanabwere kudzazenga mlandu wakale, wabwera kudzapempha mwana amene watsala. Analankhula nthawi yaitali, misozi ikugwera pa kapulana. A Celeste anamvetsera mpaka kumapeto, natapa dothi lina n'kulimata pankhokwe, n'kulisalaza bwinobwino.

"Pita kwanu, Ester. Dothi likundiumira."

Ester anabwerera kunyumba. Sanadziwe ngati wamvedwa kapena wathamangitsidwa, ndipo anadziimba mlandu kuti mwina akanangokhala chete ndi mkanda uja.

Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, nthawi imene amayi amakhala akuchokera kuchitsime ndipo abambo ali m'makonde, anthu anaona a Celeste akudutsa pakati pa mudzi. Sanadzere kanjira ka kuseri kamene ankadzera masiku onse. Anali atavala kapulana yawo ya kutchalitchi, pamutu atasenza mtolo wa nkhuni, m'khwapa muli mphasa yatsopano, kudzanja kuli thumba la ufa. Aliyense wowafunsa ankamuyankha mokweza kuti akuperekeza mwana wa mng'ono wawo ku kaza de espera, ndipo akakhala naye komweko mpaka atachira. Pofika pakhomo pa Ester anali atatsatiridwa ndi Joaquina ndi amayi ena angapo, amene anaima chapatali ngati angodutsa.

A Gaspar anali pakhonde akusema mpini. A Celeste anatula nkhuni, nakhala pansi moyang'anana nawo.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Carolina?"

Mpeni unaima. Ester, amene anali pakhomo la khitchini, anagwira chitseko.

"Dzina limenelo sititchula pano, alamu," anatero a Gaspar.

"Ndikulitchula ine amene ndinalidetsa. Zimene ndinene si za amuna, ndipo amayi anga akanakhala moyo akananditemberera. Koma ndinu amene mwazisenza, ndiye mumve." Anapuma pang'ono. "Mwana uja sanatchule munthu. Mayina ndinkatchula ndine, iye n'kumangogwedeza mutu. Atavomera atatu mtima wanga unakayika, ndiye ndinamuyesa. Ndinatchula a Hezekiya, amene anafa pankhondo iye asanabadwe. Anagwedezanso mutu. Ndinadziwa pomwepo kuti mwanayu alibe mlandu, akungofuna kuti timuleke. Linali tsiku loyamba limenelo, alamu. Ndikanati timunyamule, bwenzi lero ali pano. Koma ndinaopa. Ndinati ndikanena, ndiye kuti zonse zimene ndinalandira kwa akuluakulu, zimene ndachitira ana a eni zaka zonsezi, n'zabodza. Ndinamusunga tsiku lina. Kwa inu ndinangobwera ndi nambala, kuti anayi."

A Celeste anapitiriza motsitsa mawu kuti akhala akudziuza kuti mwina zinachitika kwa Carolina yekha, mpaka tsiku lija ataona nyemba makumi awiri ndi imodzi palichero. Anati munthu ungatsutsane naye, koma nyemba zimene mwawerenga nonse pamodzi ungazitsutse bwanji. Anati m'manja mwawo simudzafunsidwanso mwana wa munthu dzina, ndipo amene akufuna kunena kuti Lina wathawa ayambe wanena kuti namkungwi wathawa.

A Gaspar anagoneka mpini pamiyendo. Ester ankawadziwa bambowa ngati munthu wouma mutu, ndipo ankaopa kuti adzuka ndi mpeni uja kapena athamangitsa alamu awo pamaso pa anthu. Koma anaona milomo yawo ikunjenjemera ngati ya mwana amene akuletsa kulira. Zaka zisanu ndi chimodzi munthuyu sanapite kumanda a mwana wake, sanalambulepo, sanaikepo ngakhale mtanda. Ester anawakwiyira zaka zonsezo, ndipo anadabwa kupeza kuti tsopano akuwamvera chisoni.

A Gaspar anadzuka n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anali atanyamula gudumu lija. Analimanga panjinga, manja akuphonya nati kawiri konse, napopa matayala onse awiri, n'kumangirira pilo pakaliyala. Kenaka anaitana Lina, namuthandiza kukwera chammbali. Sanakwere iwo. Anagwira zogwirira n'kuyamba kukankha pang'onopang'ono, akuzemba mabampu. A Celeste anasenzanso nkhuni zawo, Ester anatenga ufa ndi mphasa, ndipo amayi aja anatsatira pambuyo, wina atanyamula ndowa, wina nkhuku.

Njira inadutsa patchalitchi. Pabwalo paja mizere ya phulusa inali itafufutika ndi mapazi a anthu, koma miyala khumi ndi umodzi ija palibe anaichotsa. Sónia anali pakhonde pa katekisita akumanga chikwama chake, poti tsiku limenelo ankapita kukakambirana ndi a enfermera za ulendo wawo wobwera kumudziko. Ataona gululo anaimirira. Sanatulutse kaderno, sanafunse kanthu. Anangowomba m'manja mwaulemu n'kupereka moni kwa amene anali kutsogolo, monga mmene anamvera anthu akuwaitanira kuyambira tsiku limene anafika.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Lina?"

A Gaspar anaimitsa njinga. Anayang'ana miyala ija, n'kupukuta kumaso ndi mkono wa malaya.

"Tadzuka, mwanangu," anatero. "Koma ine ndine bambo a Carolina. Uyu ndi mng'ono wake, tikumuperekeza."